Dzenje la madzi a nsomba likununkha mazira ovunda, makala angathandize?

Achimwene ena a ku Mangochi anditumizira imelo. Akuti ali ndi kafakitale kokonza nsomba kufupi ndi Shire, madzi otsukira chambo amathera m'dzenje la simenti, ndiye pano dzenjelo likununkha mazira ovunda mpaka aneba ayamba kulankhula. Wina wawauza kuti angothiramo makala zitheka, akufunsa ngati zili zoona.

Achimwene, fungolo ndi gasi wotchedwa hydrogen sulfide, H2S. Amamupanga ndi mabakiteriya okhala kopanda oxygen, amadya zovunda n'kumatulutsa gasiyu kuchokera ku sulfate wa m'madzi ndi sulfur wa m'mnofu wa nsomba, ndiye ndi kutentha kwa kwanuko makamaka Okutobala amaswana zedi.

Amene anakuuzani za makala anamva nkhani theka. Makala ake si a pa mbaula ayi, ndi activated carbon. Amawotcha zikamba za kokonati, nkhuni kapena malasha, kenako n'kupititsamo nthunzi yotentha madigiri 800 mpaka 1000 kuti iboole timabowo tosaoneka ndi maso, moti galamu imodzi yokha mkati mwake mumatha kukhala malo okwana masikweya mita 1000. A pa msika aja timabowo take tambiri n'totsekeka ndi phula, mungodetsa nawo madzi basi.

Koma ngakhale mutagula yeniyeniyo, pali chinthu chimene ambiri sachidziwa n'kutaya ndalama. Carbon imeneyi ntchito yake yaikulu si kuyamwa fungo, kuyamwako kulipo koma imakhuta msanga. Iyo ndi catalyst, ndiye kuti pamwamba pake ndi pomwe sulfide, gasi wonunkha uja, amakumana ndi oxygen n'kusanduka sulfur wolimba wachikasu uja, wina n'kukhala sulfate, zonsezi sizinunkha. Popanda oxygen palibe chichitike, ndipo dzenje lanulo likununkha chifukwa choti mulibe oxygen yemweyo! Ndiye musanathamangire carbon pezani kaye kapampu kopopera mpweya m'madzimo, nthawi zina kameneka pakokha kamachepetsa fungo kwambiri.

Chinanso mafuta a nsomba. Mamba, matumbo ndi mafuta zimamata timabowo tija carbon n'kufa isanagwire ntchito, choncho ikani sefa ndi kathanki kotchera mafuta kutsogolo, carbon ikhale kumapeto. Olo mutero sulfur amadzazabe timabowo pang'onopang'ono mpaka muisinthe, ndipo poti yambiri imachokera kunja mtengo wake umayenda ndi dola. Ine ndikanakhala inu ndikanavundikira dzenjelo n'kumakoka mpweya wonunkhawo ndi fani kudutsa m'diramu ya carbon, imakhalitsa kusiyana ndi kuimiza m'madzi a mafuta. Yothiridwa kositiki soda imagwira gasiyu bwino koma imatentha, ikhoza kuyaka fani ikazima nthawi yaitali, ndi magetsi athuwa muganizirepo.

Yezaninso pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi m'madzi (nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka). Pa 7 pafupifupi theka la sulfide limakhala gasi wotha kuthawa, pa 9 pafupifupi yense amatsalira m'madzi. Laimu pang'ono amakweza pH fungo n'kutsika, koma sulfide akadali momwemo, wangobisala. Asidi musathiremo olo pang'ono, gasi amatuluka nthawi imodzi.

Apa pokha ndimvereni. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amakhazikika pansi pa dzenje, ndipo akafika cha m'ma 100 ppm (magawo 100 pa magawo miliyoni a mpweya) mphuno imasiya kumumva munthu n'kumaona ngati watha, pomwe akapyola 700 ppm munthu amagwa pompo atangopuma kangapo. Mnyamata wanu asalowemo kukachotsa matope, ndipo wina akagweramo mnzake asadumphiremo kukamutenga, ambiri amafera pamenepo. Madziwo musanawatayire ku Shire kawayezetseni ku labu, mufunsenso a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, za chilolezo.