Kwa amene mukupita ku Slovakia sabata ya Pasaka

Achemwali, mwafunsa zoti mukonzekere poti mudzakhala ku Slovakia pa Pasaka, ndipo banja lina lakuitanani kumudzi kwawo. Yambani ndi chakudya. Zofunika zonse mugule pofika Lachinayi, kapena Loweruka m'mawa. Lamlungu la Pasaka masitolo amatseka mwa lamulo, ngakhale akuluakulu monga Tesco ndi Lidl, moti kawirikawiri chotsegula chimangokhala kasitolo ka pomwetsera mafuta, komwe mitengo ndi yokwera. Lachisanu Loyera ndi Lolemba lotsatira Pasaka ndi tchuthi, ndipo mabasi amayenda mwa apo ndi apo ngati Lamlungu. Alendo ambiri amasowa chokwera kumidzi chifukwa choona nthawi za masiku a ntchito.

Tsiku loti mulisamale kwambiri ndi Lolembalo. M'mawa anyamata ndi abambo amayendera nyumba za abale ndi anansi, n'kumathira akazi madzi. Mwambowu amautcha oblievačka. Chakumadzulo kwa dzikolo amakonda kukwapula pang'ono kumiyendo ndi chikwapu cholukidwa ndi timitengo ta msondodzi, chotchedwa korbáč, pomwe chakum'mawa ndi madzi ozizira, nthawi zina ndowa yathunthu. Amati n'kufunira mkazi thanzi ndi kukongola chaka chonse. Mkaziyo amabwezera ndi dzira lojambulidwa, chokoleti kapena kakumwa, ena amamanga riboni pachikwapupo. Nyengoyi kunja kumakhala kukuzizirabe, choncho tengani zovala zosinthira, foni ikhale kutali. Ngati simukufuna, auzeni eni nyumba Lamlungu usiku. Ambiri amangokupoperani perefyumu basi. Ikamakwana 12 koloko masana zimakhala zatha.

Pofika pakhomo nenani "Dobrý deň" (moni), vulani nsapato, akupatsani masilipasi. Maluwa a mayi a pakhomo akhale 3, 5 kapena 7. Awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi ndi a kumaliro, ndipo achikulire zimenezi amaziona msanga. Akakupatsani slivovica, kachasu wa zipatso za plum, muyang'ane mnzanuyo m'maso pogundanitsa matambula n'kunena "Na zdravie" (kufunirana thanzi). Ndi woŵaŵa zedi, ndipo tambula ikangouma amathiramo wina, ndiye siyanimo pang'ono. Ngati mukuyendetsa galimoto musalawe n'komwe: lamulo la kumeneko silola ngakhale dontho la mowa m'magazi, ndipo eni nyumba sakakamiza woyendetsa.

Ulendo ukasintha, samalaninso masiku awa. Pa 1 Novembala mabanja amakayatsa makandulo kumanda, misewu ndi sitima zimadzaza, tikiti gulani msanga. Pa 24 Disembala masitolo amatseka 12 koloko masana, chifukwa phwando lalikulu la Khirisimasi ndi la madzulo omwewo, osati pa 25. Pa 29 Ogasiti amakumbukira kuukira kwa anthu a dzikolo polimbana ndi chipani cha Nazi cha ku Germany mu 1944, ndipo mwambo waukulu umachitikira mumzinda wa Banská Bystrica, kotero malo ogona kumeneko sungitsiranitu.