Ndizizima lole pompopompo ndikafika?

FUNSO: Achimwene, ndimayendetsa lole ya dizilo ya turbo, kunyamula kachewere ku Bembeke. Abwana akuti ndikumawotcha mafuta ndikaisiya ikulira nditafika. Zoona? Dalaivala, Dedza.

YANKHO: Ayi achimwene, musamazime pompo. Turbo ija, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini, imazungulira koposa ka 100,000 pa mineti ndipo imatentha zedi ndi utsi wa ekizozi, imadalira oyilo kuti izizire, ndiye mukazima injini pampu ya oyilo nayonso imaima, oyilo wotsalayo nkupsa nkuumira m'mabeyaring'i, pakapita nthawi turbo basi yatha. Mukakwera zitunda za ku Dedzazi mutalemedwa, isiyeni izilira yokha mphindi 3 mpaka 5, osapondanso moto ayi. Ngati mwabwera pang'onopang'ono mineti imodzi ikwana. Abwanawo akafunse kaye mtengo wa turbo yatsopano.