Mfuti yaing'ono si ndiyo yofatsa: yankho kwa achemwali a ku Johannesburg

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene wakhalitsa ku Joni. Ndaifupikitsa, dzina ndachotsa.

"Ndine namwino, masiku ena ndimaweruka usiku. Chaka chatha achifwamba anandilanda galimoto pageti pa nyumba yanga. Ndili ndi chitupa cha permanent residence, ndiye ndaganiza zofunsira laisensi ya mfuti yodzitetezera. Vuto ndi lakuti ndinawomberapo kamodzi kokha, karevolova kakang'ono ka alamu anga, ndipo kanandikankha mpaka dzanja kuwawa, mantha n'kundigwira. Kusitolo akuti nditenge kakang'ono kwambiri poti ndine mzimayi wa manja aang'ono. Ndigule iti yosakankha kwambiri, yoti ndiziyenda nayo tsiku ndi tsiku?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi zimene zinakuchitikirani pageti. Koma malangizo a kusitolowo musawatenge. Amanenedwa kwa azimayi ambiri, ndipo ndi amene amachititsa kuti mfuti zambiri zizingogona m'sefu eni ake akuziopa. Mfuti ikachepa thupi, kukankha kwake kumakula. Karevolova ka alamu anu kanakupwetekani chifukwa cha kuchepa komweko, osati chifukwa chakuti manja anu ndi ofooka.

Chimene chimachitika ndi ichi. Wonga ukaphulika, mphamvu yomwe ikukankha chipolopolo kutsogolo ndi yomweyo imene ikukankha mfuti kumbuyo. Mfuti yolemera imameza gawo la kukankhako isanafike m'dzanja lanu, yopepuka imangokupatsirani yonse. Zili ngati kumenya ndi phazi chitini chopanda kanthu ndi thumba la chimanga: mphamvu ya mwendo ndi imodzimodzi, koma chitini chiuluka, thumba lingosuntha pang'ono. Taonani manambala. Revolova yaing'ono ya Smith & Wesson 642, ya zipolopolo za .38 Special, imalemera magalamu pafupifupi 410. Ruger LCP, imene inatuluka mu 2008 n'kutchuka ngati mfuti ya m'thumba, sifika ngakhale magalamu 300. Glock 19 imalemera magalamu 670 magazini, kabokosi kake ka zipolopolo, ali opanda kanthu, ndipo mukadzaza zipolopolo 15 imapitirira 850. Pa zitatuzi, imene munthu woyamba kumene angawombere bwino osagwedezeka ndi Glock 19, ngakhale kuti chipolopolo chake ndi champhamvu kuposa cha LCP.

Revolova ilinso ndi zake. Mu pistol, monga Glock, muli slide, chitsulo chapamwamba chija chimene chimabwerera kumbuyo ndi sipuling'i mukawombera, ndipo kuyenda kwakeko kumatambasula kukankha kuti kusafike kamodzin'kamodzi. Revolova ilibe zimenezo, zonse zimathera pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Trigger yakenso, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, ndi yolimba, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya Glock, ndiye pamene mukulimbana nayo kukoka, mphuno ya mfuti yachoka kale pamene munaloza.

Kusankha bwino n'kofunika kwambiri kumene muliko kuposa ku America kumene nkhani zambiri za pa intaneti zimachokera. Kumeneko, m'zigawo zambiri, munthu akagula mfuti yosamuyanja amakaisinthitsa mosavuta. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, silitero. Gawo 13, lomwe ndi la mfuti yodzitetezera, limalola mfuti imodzi yokha, ndipo laisensi imalembedwa pa nambala ya mfuti yeniyeniyo. Mumayamba mwaphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka, n'kukhoza mayeso a lamulo ndi a kagwiridwe ka mfuti yam'manja, kenako kukapempha competency certificate, chikalata chotsimikiza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, kupolisi ya dzikolo ya SAPS pa fomu 517. Ikatuluka mumalipira mfuti kusitolo, iyo n'kutsala komweko, inu n'kukapereka fomu 271 pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukuifunira. Pamenepo mumadikira miyezi. Ndiye ganizirani kudikira nthawi yonseyo, ndalama zapita, n'kudzapeza kuti mwagula chinthu chimene mukuchiopa. Kwa ena amene akuwerenga: lamuloli limafuna munthu wa zaka 21 kapena kuposa, nzika kapena wa permanent residence. Chitupa cha ntchito kapena cha asylum sichikwanira, ndipo mfuti yogula mumdima ndi njira ya kundende, musayese n'komwe.

Pa nkhani ya zipolopolo, mitundu yoyenera kuiganizira ndi iwiri. Woyamba ndi 9mm Parabellum, imene Georg Luger anapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chipolopolo chake chofala chimalemera magalamu 8 ndipo chimathamanga mamita pafupifupi 350 pa sekondi. Wachiwiri ndi .380 ACP ya John Browning, ya mu 1908, imene m'masitolo a ku South Africa amaitchula kuti 9mm Short. Imeneyi ndi ya magalamu 6, liwiro lake cha m'ma 290. Mukawerengetsera, kukankha kwa .380 ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a 9mm. Papepala ikuoneka ngati yankho lanu, koma msampha wake ndi wakuti opanga mfuti amakonda kuika chipolopolo chimenechi m'timfuti tating'onoting'ono, ndiye phindu lonse limathera m'kupepuka kuja. Zina zakale monga Walther PPK zili ndi kapangidwe kamene slide simakhomeka ku mpope powombera, ndipo zimaluma m'dzanja kuposa mmene munthu angaganizire.

Ine ndingakulimbikitseni 9mm. Imapezeka paliponse, apolisi a ku South Africa ndiyo amagwiritsa ntchito, ndipo kawirikawiri ndi yotsika mtengo kuposa .380. Mtengowo si nkhani yaing'ono, chifukwa amene zipolopolo zikumudulira sapita kokayeserera. Bungwe lofufuza milandu la FBI la ku America, limene linasiya 9mm pambuyo pa kuwomberana kwa ku Miami mu 1986 n'kupita ku zipolopolo zazikulu, linadzabwereranso ku 9mm, ndipo mu 2016 linasankha mfuti za Glock za mtundu umenewu. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti antchito ake amalasa bwino ndiponso msanga ndi chipolopolo chosakankha kwambiri. Zija zolembedwa +P pabokosi zisiyeni kaye, n'zamphamvu mowonjezera ndipo simukuzifuna panopa.

Mfuti zoti mukayese ndi zapakatikati. Glock 19 ndi CZ P-10 C zimapezeka mosavuta ku South Africa, pamodzi ndi magazini ndi ma holster ake, timatumba tonyamulira mfuti pathupi. Ngati chogwirira cha zimenezi chikukunenepetserani, funsani Glock 48, imene inatuluka mu 2019: ndi yopyapyala, imanyamula zipolopolo 10, koma mpope wake ndi wautali ngati wa Glock 19 ndipo chogwirira chimakwana zala zonse. Walther anatulutsa PDP F-Series mu 2022 poganizira manja aang'ono, anafupikitsa mtunda wofikira pa trigger n'kufewetsa slide. Ndipo ngati manja anu alidi ndi vuto, kaya nyamakazi kaya kuvulala kwakale, Smith & Wesson M&P 380 Shield EZ ya mu 2018 ndi .380 imene anaiika m'thupi lalikulu bwino. Slide yake ndi yofewa kukoka, magazini ake a zipolopolo 8 ali ndi timakutu tothandiza podzaza. Pa ma .380 onse, imeneyo ndiyo ndingakuvomerezeni ndi mtima wonse mukaipeza.

Musagule ndi maso. Lamulo limalola munthu wopanda laisensi kuwombera mfuti akuyang'aniridwa ndi mwini laisensi pamalo oyenera, ndipo ma range (malo oyeserera kuwombera) ambiri a ku Gauteng ali ndi mfuti zoyesera. Mukaigwira, onani zinthu izi pafupi. Kachala kakanise kakhale pa chogwirira, kasalendewere pansi. Khungu la pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala lilowe bwinobwino kuseri, pamwamba penipeni, popanda mpata. Nsonga ya chala chowombera ifike pa trigger osapotoza dzanja kuti muifikire. Mukaona kuti mukuzunguza mfuti kuti chala chifike, imeneyo si yanu. Slide ikakukanikani musafulumire kugonja. Ibweretseni mfutiyo pafupi ndi chifuwa, mphuno italoza kotetezeka, chala chili kunja kwa trigger, dzanja lina ligwire slide mwamphamvu chakumbuyo, ndiye m'malo mokoka slide kankhani mfutiyo kutsogolo ndi dzanja logwirira. Mphamvu imachokera m'mapewa, ndipo ambiri amene ankati sangathe amatha tsiku lomwelo.

Pali chinanso chimene karevolova kaja kanakusiyirani, ndipo mfuti yatsopano siichotsa yokha. Thupi likapwetekedwa kamodzi limayamba kudzitchinjiriza: musanamalize kukoka trigger, maso amaphethira, dzanja n'kukankhira mfuti pansi kuti lilimbane ndi kukankha kumene sikunabwere. Zipolopolo zimagwera pansi chakumanzere ngati muli wa dzanja lamanja. Mphunzitsi wabwino amasakaniza chipolopolo chabodza m'magazini inu osadziwa pamene chili. Mukafika pa icho mfuti silira, imangoti kha, koma mphuno yake imagwada pansi inu mukuona ndi maso anu. Mankhwala ake ndi kuyambira pa mfuti ya zipolopolo zazing'ono za .22, imene kukankha kwake n'kongoti tseketseke, kufikira thupi litaiwala mantha. Valaninso zoteteza makutu ziwiri, zolowetsa m'kati ndi zophimba pamwamba, makamaka pa range ya m'nyumba. Gawo lalikulu la zimene oyamba kumene amati kukankha limakhala phokoso.

Tsono kuyenda nayo. Apa ndi pamene mfuti yapakatikati imakulipiritsani, ndipo sindikubisirani: Glock 19 yodzaza imamveka m'chiuno tsiku lonse. Lamulo limati pagulu mfuti yam'manja ikhale mu holster yomangirira pathupi kapena m'chikwama choyenera, itaphimbika yonse. Holster ikhale yolimba, yopangira mfuti yanuyo, yophimba trigger kotheratu, pa lamba wolimba. Zovala za unamwino ndi madiresi zilibe lamba, ndiye mufunika lamba wa pamimba wokhala ndi chikopa cholimba pa trigger. Chikwama cham'manja sindichikonda m'pang'ono pomwe, chifukwa ndicho chinthu choyamba chimene wakuba amatsomphola, ndiponso chimene mwana amapisamo dzanja mlendo akafika. Funsaninso kuntchito kwanu msanga, poti zipatala zambiri sizilola mfuti m'kati, ndipo kuisiya m'galimoto popanda sefu yovomerezeka kungakugwetseni m'mlandu ikabedwa.

Kunyumba apolisi adzafuna sefu ya muyezo wa SABS, bungwe loona za miyezo, yokhomerera kukhoma kapena pansi. Kiyi ndi wanu nokha. Ngati m'nyumbamo muli wina amene akuvutika maganizo, kapena muli mikangano yofika pomenyana, imani kaye ndi nkhani yonseyi, chifukwa pamenepo mfuti imaonjezera ngozi m'malo moichotsa. Ndipo poti munatchula za pageti, ndinene mosapita m'mbali: lamulo limalola kuwombera poteteza moyo pamene chiwembu chayamba kapena chili pafupi kuchitika, osati kuwombera galimoto imene ikuthawa. Ngakhale kungoloza munthu mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu. Achifwamba akakupezererani mfuti zawo zili kale pa inu, kupisa dzanja m'chiuno kungakuphetseni. Pamenepo perekani makiyi. N'chifukwa chake pa ndalama zimene mwasunga mupatulepo ya maphunziro opitirira a competency, makamaka ofika ndi kuchoka pageti. Laisensi ikatuluka imakhala zaka 5, ndipo fomu yoikonzanso iperekedwe masiku osachepera 90 isanathe. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi isiyeni m'sefu kapena kwa wogulitsa wovomerezeka kusunga, chifukwa laisensi ya SAPS imathera pa malire a Beitbridge.