Mwafunsa, Tayankha: Kulera Mwana Wodwala Mtima m'Banja la Chikhristu

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa makolo amene akulera ana odwala mtima. Mayankho tawakonza pamodzi, a zachipatala ndi a zaubusa. Mlingo wa mankhwala a mwana wanu amaudziwa ndi dokotala amene amamuona, ndiye zimene zili panozi zikuthandizeni kutsatira bwino malangizo ake.

Mwana wanga wa miyezi 2 am'peza ndi bowo mumtima. Achibale ena akuti ndi chilango cha tchimo langa. Tulo sindikuliona. Kodi ndinalakwanji? — Mayi wa mwana woyamba

Pepani kwambiri, mayi. Funso lanuli ophunzira a Yesu analifunsapo ataona munthu wobadwa wosaona: anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Pa Yohane 9:3 Yesu anayankha kuti sanachimwe iye, ngakhalenso makolo ake. Achibalewo awerengereni vesi limeneli.

Mtima wa mwana umaumbika m'masabata 8 oyambirira a mimba, pamene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Pa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo mwa ambiri chifukwa chake sichipezeka. Zodziwika n'zochepa, monga rubella (matenda ofanana ndi chikuku) pamene mimba ili yaing'ono, matenda a shuga osasamalidwa bwino, mowa, ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Down syndrome.

Mtima uli ndi zipinda 4. Mbali ya kumanja imatumiza magazi kumapapo, ya kumanzere imawatumiza m'thupi lonse. Bowo lopezeka kawirikawiri ndi la pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi, limene madokotala amati VSD. Magazi amathawira pabowopo kuchoka kumanzere kupita kumanja n'kubwereranso kumapapo, mapapo n'kulemedwa, mtima n'kumagwira ntchito yowirikiza. Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha m'zaka zoyambirira. Lalikulu limafuna opaleshoni, nthawi zambiri mwana asanathe chaka, chifukwa likakhalitsa limawononga mitsempha ya m'mapapo mpaka osakonzekanso. Mukapitanso kuchipatala mufunse kuti bowolo ndi la mamilimita angati, ndipo sikani yotsatira ndi ya liti.

Wanga ali ndi miyezi 4. Akamayamwa amatuluka thukuta pamutu, amasiyasiya bere, kenako wagona. Kusikelo sakukwera. Ndichite chiyani? — Mayi wodera nkhawa

Kwa khanda lodwala mtima, kuyamwa ndiye ntchito yolemetsa kuposa zonse. Thupi lake limawononga mphamvu zambiri kuposa la anzake, komabe amatopa asanakhute. Choncho muziyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, maola awiri alionse kapena atatu, ndipo usiku muzichita kum'dzutsa. Musadikire kuti alire, chifukwa kulira kumamuthera mphamvu zoyamwira. Mum'gwire mutu ndi chifuwa zili m'mwamba, osati chogoneratu. Akasiya bere kuti apume, m'lekeni apume. Ulendo umodzi usapitirire mphindi 30. Kupyola apo amataya zambiri kuposa zimene akulandira. Mkaka wotsala mufinyire m'kapu yoyera n'kum'mwetsa pang'onopang'ono. Muyambe mwatsiriza bere limodzi musanam'patse linalo, popeza mkaka wotsirizira ndiwo uli ndi mafuta ambiri. Musam'patse madzi, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito mkaka wa m'chitini musasinthe kasakanizidwe kake dokotala asananene.

Achipatala akanena zoika kachubu kodyetsera pamphuno, musaone ngati mwalephera. Kachubuko kamalola mwana kukhuta osatopa, ndipo ana ambiri amafika nako pa sikelo yofunika kuti achitidwe opaleshoni.

Muziona zinthu ziwiri tsiku lililonse. Choyamba, matewera onyowa asachepere 6. Chachiwiri, kapumidwe: mwana ali m'tulo kapena ali phee, werengani kukwera kwa mimba yake kwa mphindi yathunthu. Kupuma kothamanga ndi ka 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi 2, ka 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 12, ndi ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Muzilemba, kuti mudziwe mmene mwana wanuyo amapumira masiku onse. Nambala ikakwera, nthiti zikamalowa m'kati, akamabuula popuma, zikope zikatupa kapena akakana bere maulendo awiri otsatizana, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Sikelo ikakwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kutupa, amenewo ndi madzi, si kunenepa.

Mwina mukudandaula kuti nthawi yopemphera yakuchepani. Yesu ataukitsa mwana wa Yairo, pa Marko 5:43, analamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Kudzuka pakati pa usiku kuti muyamwitse ndi ntchito imene Iye amaidziwa, ndipo mukhoza kupemphera mwana ali kubere.

Mwana wathu wamkazi wa zaka 11 amabayidwa jekeseni mwezi ndi mwezi chifukwa cha mavalavu a mtima. Anam'pempherera pa msonkhano wina, ndipo tauzidwa kuti wachira, tisiye jekeseni posonyeza chikhulupiriro. Iye akuonekadi bwino. Tisiye? — Bambo wokhulupirira

Ayi, bambo, musasiye ngakhale mwezi umodzi. Tikunena izi ngati anthu okhulupirira kuti Mulungu amachiritsa.

Tiyambe ndi chimene jekeseniyo amachita. Matenda amenewa a mavalavu, tizitseko ta mumtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Pakapita masabata awiri kapena atatu, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mafupa komanso mavalavu a mtima. Kachiromboko kakabweranso, chitetezo chimaukiranso, zipsera za pamavalavu n'kuwonjezeka, mpaka valavu imayamba kuchucha kapena kuthina. Jekeseni wa benzathine penicillin sasoka valavu. Ntchito yake ndi kuletsa kachiromboko kuti kasabwerenso. Mphamvu yake imakhala ikutha pofika sabata yachinayi, n'chifukwa chake amabayidwa masiku 28 alionse, ena masiku 21. Mwana wamkulu ndithu amalandira mayunitsi 1,200,000, wopepuka theka lake. Kawirikawiri amapitiriza kwa zaka zosachepera 10 kapena mpaka atakwanitsa zaka 21, ndipo ngati mavalavu anawonongeka kwambiri, mpaka zaka 40 kapena moyo wonse.

Ndiye kuoneka bwino kwa mwana wanu mwina ndi umboni woti jekeseniyo akugwira ntchito. Choopsa n'chakuti mukasiya, palibe chichitike sabata yoyamba kapena mwezi woyamba, ndipo mudzaona ngati mwachita bwino. Kuwonongeka kumachitika mwakachetechete, n'kudzaonekera mochedwa mwana akuyamba kubanika ndi kutupa miyendo.

Nanga Malemba akuti chiyani? Yesu pochiritsa akhate 10, pa Luka 17:14, anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, amene anali ndi udindo wotsimikizira kuti munthu wachira. Machiritso enieni saopa kupimidwa. Ngati mukukhulupirira kuti mwana wachira, pemphani sikani ya mtima, dokotala aone mavalavuwo, ndipo iye ndiye anene za jekeseni. Mulungu atalonjeza Mfumu Hezekiya, amene ankadwala, zaka zina 15 za moyo, Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pachithupsa chake, monga mwa Yesaya 38:21. Paulo amatchula Luka kuti sing'anga wokondedwa. Ndipo Satana atauza Yesu kuti adzigwetse pansi poti angelo am'wakha, Yesu anakana kuyesa Mulungu. Kusiya mankhwala a mwana kuti tione ngati Mulungu achitepo kanthu ndi kuyesa komweko, ndipo wolipira ndi mwana amene sanafunsidwe. Mtumiki amene akukuuzani kuti kupita kuchipatala n'kupanda chikhulupiriro, pa mfundo imeneyi walakwitsa, ngakhale akhale wolemekezeka chotani.

Nthawi zina ana amakondwera ndi uthenga wosiya chifukwa jekeseniyu amapweteka. Pemphani namwino atenthetse mankhwalawo m'manja asanabaye, akanikize pamalopo ndi chala kwa masekondi 10, abaye pang'onopang'ono, ndipo mufunse ngati angasakanize ndi lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi. Mwana adye ndi kumwa asanapite, ndipo mukhale pachipatala kanthawi akabayidwa. Tsiku likakudutsani, pitani mawa lake, osadikira mwezi wina. Abale ake akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, akaonedwe msanga. Akapatsidwa mapiritsi a masiku 10, amalize onse.

Mwana wanga amamwa mankhwala a mtima, digoxin ndi furosemide. Akasanza atangomwa, ndim'patsenso? — Mayi wa mapasa

Digoxin musabwereze, mayi. Simungadziwe kuti walowa wochuluka bwanji, ndipo mankhwala amenewa akangopyola mlingo pang'ono amasanduka poizoni. Dikirani nthawi yotsatira. Mukaiwala, musaphatikize milingo iwiri. Kusanza kobwerezabwereza, kukana chakudya, kufooka ndi mtima kugunda pang'onopang'ono zikhoza kusonyeza kuti wachuluka m'thupi. Musam'patse wina musanaonane ndi dokotala.

Furosemide amachotsa madzi kudzera mu mkodzo. Mwana akatsekula m'mimba kapena akamasanza, amakhala akutaya madzi mbali ziwiri, impso n'kuvutika, digoxin n'kuunjikana. Tsiku lotero pitani kuchipatala akakuuzeni ngati mankhwalawo ayambe aima kaye. Muziyeza ndi sirinji yopanda singano, osati supuni, n'kuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya. Musasakanize m'botolo lonse la mkaka, chifukwa akapanda kumaliza ndiye kuti mankhwalanso sanamalize. Mlingo umayendera kulemera kwa mwana, choncho sikelo ikasintha mufunse ngati mlingo usinthenso. Mankhwala azitsamba kapena chilichonse chomwetsa chimene mwapatsidwa kwina musam'patse. Ndipo poti muli ndi mapasa, botolo likhale pokhoma.

Mdzukulu wanga ali ndi Tetralogy of Fallot. Tsiku lina m'tchalitchi analira kwambiri, milomo inada, anafooka. Anthu anam'zungulira n'kumapemphera mofuula. Zikadzachitikanso nditani? — Agogo

Agogo, mwachita bwino kufunsa. Mwa mwana wotere njira ya magazi opita kumapapo ndi yothina, ndipo nthawi zina imathinanso mwadzidzidzi, magazi opanda mpweya wabwino n'kumapita m'thupi. Pakhungu lakuda muziyang'ana lilime, nkhama ndi zikhadabo; zimasanduka zabuluu kapena zotuwa.

Zikayamba, m'tulutseni pagulu. Pindani mawondo ake afike pachifuwa, kaya mwam'goneka kaya mwam'nyamula paphewa, ndipo mum'gwire choncho mukum'tonthoza ndi mawu otsika. Kupinda miyendoko kumapangitsa kuti magazi avutike kupita kumiyendo, motero ambiri amakankhidwira kumapapo. N'chifukwa chake mwana wokulirapo amanjuta yekha akatopa, musam'dzudzule. Musam'gwedeze, musam'thire madzi, musam'mwetse kanthu. Pakapita mphindi zochepa osasintha, kapena akakomoka kapena kugwa khunyu, thamangirani kuchipatala mawondo ali chipindire. Ngakhale atsitsimuke msanga, dokotala adziwe tsiku lomwelo, chifukwa zimenezi zimasonyeza kuti opaleshoni isachedwe.

Zimakonda kuchitika m'mawa akangodzuka, akalira nthawi yaitali, akamadzikakamiza kuchimbudzi, akatentha thupi, akachepa magazi kapena madzi m'thupi. Mwana wotere asasale kudya ngakhale mpingo wonse ukusala, ndipo ngati amamwa mankhwala a mtima otchedwa propranolol, kukhala ndi njala kumatsitsa shuga wake. Abale a mumpingo anali ndi mtima wabwino, koma phokoso limawonjezera mantha ndi kulira. Kambiranani ndi abusa pasadakhale kuti zikadzachitika, mmodzi akonze galimoto, ena apemphere chamumtima ali chapatali. Akulu a mpingo otchulidwa pa Yakobo 5:14 akhoza kukam'pemphererako kuchipatala.

Opaleshoni yayandikira. Ndapemphera zaka 3 kuti asafike pamenepa. Ndatopa, ndipo nthawi zina ndimakwiyira Mulungu. Anthu a kumpingo amafunsa kuti atithandize chiyani, ine n'kusowa chonena. — Mayi wa ana atatu

Mayi, kutopa kwanu si tchimo. Salimo 13 limayamba ndi kufunsa Yehova kuti adzaiwala mtumiki wake mpaka liti, ndipo lili m'Baibulo kuti ifenso tipemphere choncho. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, koma sunachoke. Analandira chisomo chomukwanira. Opaleshoni si chizindikiro choti pemphero lanu lakanidwa. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukugona, simukudya, ndipo palibe chikukusangalatsani, uzani achipatala, chifukwa nalonso ndi vuto lochizika.

A kumpingo apatseni ntchito zooneka. Wina azikhala ndi ana awiri enawo ndi kuwaperekeza kusukulu, popeza ana otere amaiwalika ndipo ena amaganiza kuti iwo ndiwo anadwalitsa m'bale wawo. Muwauze mosapita m'mbali kuti si iwo. Wina azikulandirani kuchipatala kuti mugoneko. Athanzi akapereke magazi. Amene ali ndi chimfine kapena chifuwa apemphere ali kwawo, chifukwa mwana akadwala opaleshoni imaimitsidwa.

Mwanayo muuzeni zoona molingana ndi msinkhu wake: adzagona tulo ta mankhwala, sadzamva kanthu, akadzuka adzapeza machubu ndi bala pachifuwa, ndipo inu mudzakhala pomwepo. Mano ake akaonedwe opaleshoni isanafike, ndipo azitsuka kawiri pa tsiku, chifukwa tizilombo ta m'mano owola timalowa m'magazi n'kukamera mumtima. Katemera akhale wokwanira. Malangizo a nthawi yosiya kudya muwatsatire ndendende.

Mukatuluka, fupa la pachifuwa limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Pa nthawi imeneyi musam'nyamule m'khwapa kapena kum'koka mikono. Ikani dzanja limodzi kumsana ndi kumutu, lina kumatako, ndipo muonetse onse obwera kudzazonda. Bala likhale louma. Likafiira, likatupa kapena kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, bwererani kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani.