Mdzukulu wanga, onjezera zinenero koma dzina ulisiye momwemo

Mdzukulu wanga, walemba kuti ukufuna kumasewera m'mafilimu a Chingerezi ndi Chifalansa, koma anzako akuti uyambe wasintha dzina, udzole mafuta oyeretsa khungu, ndiponso uleke Chichewa kuti lilime lifewe. Khala pansi ndikuuze za Ingrid Bergman wa ku Sweden, amene anasewera m'zinenero zisanu: cha kwawo, Chijeremani, Chingerezi, Chitaliyana ndi Chifalansa.

Anabadwira ku Stockholm mu 1915. Mayi ake, omwe anali a ku Germany, anamwalira iye asanakwanitse zaka 3, bambo ake anatsatira iye ali ndi zaka 13. Chijeremani anachitola kwa abale akuchikazi komwe ankapita patchuthi. Atafika ku Hollywood mu 1939, mkulu wa mafilimu David O. Selznick anafuna kumusintha dzina, kumuzula nsidze ndi kumukonza mano. Mtsikana wa zaka 23 anakanitsitsa, nanena kuti kuli bwino abwerere kwawo. Selznick anagonja. Chimene anavomera ndi mphunzitsi wa katchulidwe, Ruth Roberts, amene anayenda naye zaka zambiri. Mphoto zitatu za Oscar, zomwe ndi mphoto zapamwamba za mafilimu, anazilandira ndi dzina lomwelo, kayankhulidwe ka kwawo kakumvekabe.

Tsono ntchito yake ndi iyi. Ukalandira mawu a sewero, usathamangire kuloweza. Yamba wamasulira mzere uliwonse m'Chichewa, udziwe chimene munthuyo akufuna kwa mnzake. Ukaloweza phokoso lokha, maso amakhala gwa, ndipo kamera sibisa. Kenako tenga pensulo ulembe kamzere pansi pa mbali ya liwu imene imatsindikidwa. Ife tinazolowera kukoka mbali yachiwiri kuchokera kumapeto, monga mu "nyumba" kapena "chakudya", pomwe Chingerezi chimatsindika malo osiyanasiyana ndipo Chifalansa chimatsamira kumapeto. Samalanso zizolowezi zathu ziwiri: kusakaniza l ndi r, ndi kuwonjezera "i" kumapeto, monga timachitira mu "basi" ndi "foni". Kwathu n'zolondola, koma m'sewero la Chingerezi womvera amasokera.

Dzijambule mawu pa foni mphindi 30 m'mawa uliwonse, mizere khumi yokha, kenako umvetsere pamodzi ndi munthu amene anabadwira m'chinenerocho. Loweza ndi mawu a mnzako amene akuyankhula iwe usanayankhe. Ukatha, bwereza ukuyenda, ukuchapa, utakweza mawu ngati wapsa mtima, chifukwa mtima ukatentha lilime limathawira kwawo. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera tsiku lojambula. Chichewa usachisiye ayi. Mu 1978 Bergman, ali ndi zaka zoposa 60, anasewera filimu m'chinenero cha kwawo, ndipo inamuikanso pa mndandanda wa opikisana pa Oscar. Za mafuta aja ndingoti: ena amakhala ndi mekyule, poizoni wowononga impso, ndipo ena amapyapyalitsa khungu.

Pali china chimene sindingakubisire. Mu 1949 anapita ku Italy kukagwira ntchito ndi mkonzi wa mafilimu Roberto Rossellini, onse awiri ali pabanja kale. Anagwa m'chikondi, mwana anabadwa mu February 1950, ndipo mwezi wotsatira phungu wina anamunyoza poyera m'nyumba ya malamulo ya America. Ambiri mwa omugendawo anachita nkhanza yopitirira muyezo, moti mu 1972 phungu wina anapepesa m'nyumba yomweyo. Zinenero zinamusunga pantchito ku Italy, Germany ndi France mpaka 1956. Koma mwana wake wamkazi wa zaka 10, amene anatsala ku America, anakula mayi ali kutali, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ntchito imeneyi imatenga munthu miyezi itatu kapena kupitirira kunja kwa khomo. Usanasaine pangano, itana amalume ndi ankhoswe ngati uli pabanja, mugwirizane kuti mwana atsala ndi ndani, ndalama ya sukulu ichokera kuti, ndiponso ubwerako mwezi uti.