Tikiti ya ndege akakugulirani wina ndi khadi lake

Achemwali, mwati mukufuna kuyamba geni yokaoda katundu ku Guangzhou ndi ku Dubai, ndipo poti ndalama zakunja zikuvuta kubanki, alongo anu a ku Joni akufuna kukugulirani tikiti pa intaneti ndi khadi lawo la kubanki. Mwafunsa ngati akakuloleni kukwera ndege khadilo lili ku Johannesburg, inu muli ku Lilongwe. Inde, n'zololedwa kuti wina akulipirireni, ndipo amalonda ambiri amayenda choncho. Kungoti makampani ena a ndege amafuna umboni woti mwini khadi anavomereza, ndipo umboniwo ukasowa pa kauntala simukwera, ngakhale tikiti ili m'manja.

Chifukwa chake ndi akuba. Munthu amaba manambala a khadi la wina n'kugulira tikiti. Mwini khadi akaona kuti ndalama zachoka amakadandaula kubanki, banki n'kuzilanda ku kampani ya ndege, wokwerayo atafika kale komwe amapita. Kampani yaluza mpando ndi ndalama zomwe. N'chifukwa chake makompyuta awo amaika chizindikiro pa tikiti imene ikukayikitsa: dzina la pa khadi likasiyana ndi la wokwera, khadi likakhala la dziko lina ulendo ukuyambira dziko lina, tikiti ikagulidwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, kapena ikakhala yongopita. Tikiti yanu ili kale ndi ziwiri zoyambazo, choncho musadabwe akakufunsani. Si kuti akukuyesani wakuba.

Ntchito iyambire kwa alongo anuwo pogula. Agule pa tsamba la kampani ya ndege lenilenilo, kaya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa kaya Kenya Airways yodzera ku Nairobi, osati pa masamba ogulitsa matikiti otchipa amene ofesi yawo simungaipeze. Pa dzina la wokwera alembe monga zilili mu pasipoti yanu, chilembo ndi chilembo. Ngati pasipoti ili ndi dzina la bambo anu, asalembe la amuna anu. Pa dzina la mwini khadi alembe lawo. Ena amalembapo dzina la wokwera poganiza kuti zifanane, koma kumeneko n'kudzitchera msampha, chifukwa khadi likaonetsedwa maina sagwirizana. Pakakhala funso loti kodi mwini khadi akuyenda nawo, ayankhe zoona kuti ayi. Banki ikawatumizira nambala yachinsinsi ya OTP pa foni kuti atsimikize malipiro, zili bwino kwambiri: tikiti yodutsa njira imeneyi safunsafunsa kawirikawiri, poti banki yatsimikiza kale kuti wolipira ndi mwini khadi. Komabe musadalire zimenezo zokha.

Tikiti ikabwera pa imelo, iwerengeni yonse mpaka timalemba tating'ono ta m'munsi. Ngati khadi likufunika kuonetsedwa, nthawi zambiri amalemba pamenepo kapena pa tsamba lomaliza pogula. Lembani padera nambala ya bukingi, ya zilembo ndi manambala 6, ndiponso nambala ya tikiti, ya manambala 13. Ya Ethiopian imayamba ndi 071, ya Kenya Airways ndi 706. Kenako pitani ku ofesi ya kampaniyo m'tauni kudakali sabata imodzi kapena kuposa, muwapatse nambalazo, muwafunse mwachindunji ngati pa tikitiyi pali lamulo loonetsa khadi, ndipo ngati lilipo akufuna chiyani. Malamulowa amasiyana kampani ndi kampani komanso amasintha, ndiye zimene anauzidwa mnzanu chaka chatha zisakukhazikeni mtima pansi. Ena amafuna mwini khadi apite yekha ndi khadi ndi chiphaso chake ku ofesi yawo ya kumene ali, kwa inu ndiye ku Johannesburg, achotse chizindikirocho m'kompyuta. Imeneyi ndiyo njira yabwino koposa chifukwa nkhani imathera pomwepo. Ena amalandira mapepala.

Mapepalawo ndi atatu. Choyamba, fotokope ya khadi, yoonetsa dzina, manambala 6 oyamba ndi 4 omaliza. A pakati aphimbidwe, ndipo manambala 3 a kumbuyo aja aphimbidwe ndithu, chifukwa amene ali ndi manambala onse angathe kugula chilichonse pa intaneti. Asakutumizireni chithunzi cha khadi chosaphimba pa WhatsApp ngakhale muli pachibale; foni imabedwa. Chachiwiri, fotokope ya pasipoti kapena chitupa cha mwini khadi. Chachitatu, kalata yosainidwa, yachingerezi, yonena kuti iwo, dzina lawo lonse, alola khadi lothera manambala akutiakuti kulipira tikiti ya inu, dzina lanu lonse, nambala ya bukingi, njira ndi masiku a ulendo, ndalama zimene zalipidwa, ndi nambala yawo ya foni. Siginecha ifanane ndi ya pa chiphaso chawo. Zonsezi sindikizani pa pepala kawiri, musangozisunga m'foni. Ngati khadilo latha ntchito kapena latayika tikiti itagulidwa kale, apemphe kalata ya banki kapena sitetimenti yoonetsa malipirowo. N'chimodzimodzinso makhadi a pa foni opanda pulasitiki, chifukwa palibe chogwirika choti n'kuonetsa.

Kutatsala tsiku limodzi, yesani kupanga check-in pa intaneti, kutanthauza kutsimikiza kuti mukuyenda n'kulandira chikalata chokwerera ndege. Ikakana n'kukuuzani kuti mukaonekere pa kauntala, mwina ndi nkhani ya khadi, mwinanso akungofuna kuona viza yanu. Imbani foni tsiku lomwelo mudziwe chimene chavuta.

Tsiku la ulendo fikani pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka kutatsala maola 3. Kauntala ya maulendo a kunja imatsekedwa kutatsala pafupifupi ola limodzi, ndipo nkhani ya khadi imadya nthawi chifukwa wa pa kauntala amayenera kuitana mkulu wake. Alongo anu akhale pafupi ndi foni. Mwayi wake, nthawi ya ku Joni ndi ya kuno n'chimodzimodzi. Zikakanika, chimene amakuuzani n'choti mugule tikiti ina pompo pa mtengo wa tsikulo, umene kawirikawiri umakhala wokwera kuposa woyamba. Ndalama za tikiti yoyamba sakupatsani m'manja. Zimabwerera ku khadi lomwe linalipira, patapita masiku kapena masabata, ndipo nthawi zina atadulako. Kwa munthu wa geni apa ndiye poopsa: mpamba wokaodera katundu wathera pa kauntala, ulendo wasanduka wokaona msika.

Kunena zoona, kwa ulendo woyamba ine ndimaona kuti njira ya khadi la wina ndi yotopetsa popanda chifukwa. Alongo anu angathe kukutumizirani ndalamazo kudzera ku Mukuru kapena kubanki, inu n'kukagula nokha ku ofesi ya ndege kapena kwa ejenti wovomerezeka ndi IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse, n'kulandira lisiti. Tikiti yolipidwa ndi ndalama pa ofesi ilibe khadi loti afunse. Ingofunsani kaye ngati tikitiyo akulola kulipira m'makwacha ndiponso pa mtengo wanji, muyerekeze ndi wa pa intaneti. Kusiyana kukakhala kochepa, gulani kuno.

Chenjeraninso ndi anthu a m'magulu a WhatsApp ndi Facebook amene amati ali ndi matikiti a theka la mtengo. Ena mwa matikiti oterowo amagulidwa ndi makhadi obedwa. Bukingi imaoneka yeniyeni mukaifufuza, mwina popita n'kudutsa bwinobwino, koma mwini khadi akadandaula, kampani imafafaniza mbali yotsala ya ulendo. Mumadzazindikira muli pa bwalo la ndege ku Guangzhou ndi zikwama zodzadza, viza ikutha, wogulitsa uja foni yake yosagwira. Ndipo amene amafunsidwa mafunso ndi inu wogwira tikiti. Ejenti akakana kukuuzani kumene kuli ofesi yake kapena kukupatsani lisiti, musiyeni.

Mapepala aja musataye mukadutsa ku Lilongwe. Pobwerera angathe kukufunsaninso, ndipo kumeneko kulongosola n'kovuta. Ku Dubai nthawi ili patsogolo ndi maola 2, ku China ndi maola 6, ndiye mwini khadi angakhale ali m'tulo pamene mukumufuna. Muzikhalanso ndi ndalama yanuyanu yapadera yolipirira katundu wopitirira sikelo. Matikiti ambiri a njira zimenezi amalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse, koma onani zimene zalembedwa pa yanuyo. Chopitirira pamenepo amalipiritsa pa kauntala pompo, ndipo fotokope ya khadi la alongo anu singalipire.