Kwa achimwene ofuna kuyamba malonda odutsa malire

Achimwene, mwandifunsa mmene malonda odutsa malire amayendera ndiponso dziko limene mungayambe kukapikulako katundu. Pa zaka zonse zimene ndakhala pamsewu, chimene ndimasankha ine ndi mzinda. Wamalonda akati akupita ku Tanzania amatanthauza msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndipo akati ku South Africa amatanthauza Johannesburg. Chigawo cha Gauteng, kumene kuli Johannesburg, ndi chaching'ono kuposa zigawo zonse za dzikolo, komabe chimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake. Timathamangira kumene fakitale, banki, nyumba zosungiramo katundu ndi malole zili moyandikana, kuti ukagula m'mawa, dzuwa likamalowa katundu akhale atapakiridwa, ndipo ndalama zakunja zimene timazipeza movutikira timakazisiya komweko.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi misozi. Chaka china ndinatenga ngongole ya katapila n'kuitanitsa kontena ya matailosi, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndinaidutsitsa pa doko la mzinda wina umene ajenti wothandiza kutulutsa katundu padoko anandiuza kuti ndi wotchipa. Magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, makompyuta a kasitomu n'kuima, malole n'kundandalikana pa msewu wamaenje wotuluka padokopo. Kontenayo inakhala masabata 7, uku ndalama zolipirira malo zikukwera, uku mwini ngongole akuimba foni usiku ndi usana. Ofisala wina anatsamira chigongono pa failo yanga, chidindo chili pambali pake, n'kumangondiuza kuti ndibwerenso mawa, podikira kuti ndimupatse kangachepe. Sindinamupatse, ndipo ndimanyadira zimenezo ngakhale kuti ndinagulitsa galimoto yanga kuti ndiwombole katunduyo. Nkhope ya bamboyo ndimaikumbukira mpaka lero, ndipo mtima umandiwawabe ndikaganiza kuti malipiro ake amachokera mumsonkho umene ife timakhoma.

Mumzindawo sindinapondemonso, ndipo anzanga onse amene ndinawafotokozera anasintha njira. Msonkho wathu, ndalama za malo ogona, ntchito za onyamula katundu ndi za madalaivala, zonsezo zinasamukira ku dziko lina chifukwa cha mzinda umodzi wosasamalidwa. Akuluakulu a boma amene amadabwa kuti chuma sichikukula akanapita kukaona Shenzhen, imene China inaipatsa malamulo apadera a zamalonda mu 1980, ndipo lero amalonda a m'mayiko ambiri amakapikulako mafoni ndi zipangizo zamagetsi.

Inuyo musanatumize ndalama kulikonse, pitani nokha mukakhale masiku angapo mumzinda umene mwasankhawo, mucheze ndi madalaivala amene ali pamzere, muwafunse kuti agonapo mausiku angati. Ajenti musamulipire zonse katundu asanatuluke pachipata, ngakhale atakhala m'bale wanu.